Kasiponji kamene kanandidyera matumba a soya

Njinga yanga ndi Yamaha DT125, mtundu uja timauona ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, yolira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ndinaigula kwa munthu amene naye anaipeza pomwe bungwe lina linkagulitsa njinga zake zotha, ndiye pofika pakhomo panga inali itadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse linasiyapo kake: apa waya womangira, apo bawuti yosiyana ndi zinzake, mpando wosokedwa ndi ulusi wa matumba. Ndimakhala kumadzulo kwa Mponela, kutali ndithu ndi phula la M1. Ndine mlimi, koma nthawi yokolola ndimazungulira m'midzi kugula soya ndi mtedza, sikelo ndi matumba opanda kanthu zili kumbuyo.

Amene simunayendepo misewu yakuno m'chilimwe, fumbi mumangolimva. Mvula ikangosiya mu Epulo, msewu umayamba kusweka pang'onopang'ono. Malole a fodya opita ku Kanengo aupere, ngolo za ng'ombe ziupere, pofika Seputembala dothi lofiira lija lasanduka ufa woti phazi limamira mpaka mu akakolo. Ukatsatira lole suona kanthu, umangomva kukhakhala m'mano. Pofika kunyumba nsidze zafiira, ana akuseka. Ine ndinkangosamba, kukutumula jekete, basi nkhani yatha. Zoti njinganso yapuma fumbi lomwelo tsiku lonse sizinkabwera m'mutu mwanga.

Chaka choyamba sinandivute. Kiki imodzi, yalira. Chaka chachiwiri, Ogasiti ali kumapeto, inayamba ulesi wa m'mawa. Kuponda kasanu, kakhumi, thukuta kamukamu, mapeto ake kuitana ana adzakankhe. Kiki yomwe kale inkabweza mwendo mwaukali inafewa ngati ukuponda nthochi yakupsa. Chitunda cha pafupi ndi dambo lathu, chomwe ndinkakwera ndi giya yachitatu thumba lili kumbuyo, chinayamba kufuna yoyamba. Kenako munabwera kaphokoso kena m'kati, tcheketcheke, ngati wina waponyamo timisomali.

Ndinanamizira aliyense kupatula ine mwini. Ndinati ndi petulo wa m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa. Ndinasintha pulagi kawiri. Ndinafika posintha ngakhale mtundu wa oyilo wa 2T, uja amapsera limodzi ndi petulo mu injini. Ayi ndithu, matenda ali pomwepo.

Pamsika wina wakwathu pali madala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, munthu wosachuluka mawu, zida zawo zonse zimakwana m'chikwama chimodzi cha lona. Ndinaikankhira kumeneko Lachiwiri lina m'mawa.

"Madala, ndithandizeni. Njingayi ndikuona ngati andilodzera."

Anangomwetulira. Anagwira kiki ndi dzanja, osati mwendo, n'kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi. Inatsika osakana. Ine ndinkadikira kuti ayamba kumasula kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya muja, monga amachitira anyamata ena, koma iwo anachotsa chivundikiro cha m'mbali, kutsegula bokosi la eyakilina, momwe mumakhala fyuluta, siponji yosefa mpweya wolowa mu injini, n'kusolola chomwe chinali m'katimo. Chinali chidutswa cha matilesi. Matilesi enieni ogonera, odulidwa ndi mpeni, mbali ina yaitali ina yaifupi, ouma gwa, pakona pena pali mpata woti chala n'kulowa. Zaka ziwiri ndili ndi njingayo, bokosi limenelo ndinali ndisanalitsegulepo.

Atatero anamasula kilampu ya khosi la labala lomwe limalumikiza bokosilo ndi kabuleta, n'kulowetsamo chala cha mkombaphala, kuchizunguliza. Chinatuluka chofiira. Anandigwira dzanja, n'kupaka zomwe zinali pachalapo pa chikhadabo cha chala changa chachikulu, uku akutikita.

"Mukumva, achimwene?"

Ndinkamva. Kunali kukhakhala ngati phulusa losakaniza ndi mchenga lomwe amakwechera mapoto.

"Mfiti yake ndi imeneyi. Kuseri kwa siponji kuno sikuyenera kupezeka kanthu. Mukapeza fumbi kuno, dziwani kuti linzake linalowa kale."

Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kuwerengetsa, poti masamu a sikelo ndiye ntchito yanga. Mabuku a zamakaniko amati petulo kuti apse bwino amafuna mpweya wolemera kuposa iye mwini pafupifupi maulendo 15. Lita imodzi ya petulo siikwana kilogalamu, imalemera magalamu pafupifupi 740. Ndiye kuti lita imodziyo imafuna makilogalamu pafupifupi 11 a mpweya, ndipo mpweya wolemera chomwecho ndi malita 9,000 kapena kuposerapo. Madilamu aja a malita 200, andandalikeni 45 pabwalo, onse odzaza mpweya wa kumbuyo kwa lole ya fodya. Umenewo ndi wa lita imodzi yokha, ndipo wonsewo uyenera kudzera pa kasiponji kongoposa chikhatho changa pang'ono.

Fumbi lakunoli si ufa wamba. Muli timchenga tating'onoting'ono, abale ake a mwala uja timanolera mipeni ndi nkhwangwa, tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Tikakumana ndi oyilo timasanduka phala lonolera, ndipo pisitoni imakhala ikulitikita chokwera chotsika maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi. Pa injini ya 2-stroke ngati ya DT, zimaipa kawiri. Njinga za 4-stroke, monga zambiri za kabaza, mpweya ukachoka mu kabuleta umadutsa pa valavu n'kufikira pamwamba pa pisitoni. Yangayi umayamba watsikira pansi, m'chipinda momwe mumazungulira crankshaft, chitsulo chomwe pisitoni imapukusa, kusambitsa mabering'i onse limodzi ndi oyilo wa 2T, kenako ndiye n'kukwera m'mbali mwa silinda kukapsa. Fumbi likalowa limayendera nyumba yonse, chipinda ndi chipinda, ngati mlendo wopanda mwambo.

Atatsegula pamwamba, madala aja anandiitana kuti ndidzionere. Silinda inali ndi mizere yotsika. Pisitoni, mbali yoyang'ana ku kabuleta, inali yotuwa, timizere take ta kufakitale titafufutika. Maring'i a pisitoni anali atapyapyala, mpata wake ukuoneka ndi maso. Silinda ya DT125 ikakhala yatsopano ndi mamilimita 56 m'mimba mwake. Yangayo inakwera minibasi kupita ku Biwi, ku Lilongwe, kuti akaipale ilowe pisitoni yokulirapo ndi theka la milimita. Mabering'i a crankshaft nawo anasinthidwa. Ndalama yake sinditchula, poti mayi a kunyumba amawerenga zimene ndimalemba. Ndingoti matumba a soya amene ndinkasunga kuti ndidzagulitse mtengo ukakwera mu Disembala anatuluka m'nyumba mu Seputembala. Milungu itatu ndinali pa njinga yakapalasa, anzanga akutola mtedza wonse m'midzi yomwe ndinaizolowera.

Chiyambire pamenepo, Loweruka madzulo ndi la eyakilina. Tsiku limene ndatsatira malole mtunda wautali sindidikira n'komwe Loweruka. Wondigwirira zida ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 2 amene amakhala nafe.

Ndimayamba ndi kupukuta kunja, ndipo apa ndi pamene ambiri amadumpha. M'mphepete mwa chivundikiro mumaunjikana fumbi lochuluka, ukatsegula osapukuta lonselo limagwera m'kati, mbali yomwe ukufuna kuteteza. Nsanza yonyowa pang'ono kuzungulira konse, kenako ndiye sikuludiraiva. Timasikuluwu timapita m'kachitini, chifukwa kamodzi kakangogwera m'fumbi la pabwalo ndiye tatsanzikana.

Siponji ndimaisolola pang'onopang'ono, osaikhulitsa m'mphepete. Ikangotuluka, chala m'khosi muja, monga anachitira madala. Chikatuluka ndi kaoyilo koyera chabe, mtima m'malo. Ndiye ndimatseka pakhosipo ndi nsalu yoyera n'kupukuta m'bokosi monse mpaka m'makona. Pansi pa bokosi pali potulukira madzi, pamakonda kutsekeka ndi matope, ndimapatokosa ndi kamtengo. M'bokosi umu mumapezeka zodabwitsa: makoko a soya, nthenga, tsiku lina njere za chimanga zomwe khoswe anatutiramo njinga itakhala sabata m'chipinda chosungira mbewu. Khoswe yemweyo analumako pakona pa siponji. Njinga inkalira bwinobwino, ndikanapanda kutsegula sindikanadziwa.

Siponji ya DT imavala pa kachimango ngati sokosi pa phazi. Ndimaivula mosamala, chimangocho n'kuchipukuta pachokha.

Kutsuka kumayamba ndi parafini, osati petulo. Pa mfundo iyi ndimakangana ndi anyamata a kabaza pafupifupi sabata iliyonse, chifukwa iwo amangosolola paipi ya pa thanki, kukhetsera petulo m'chitini, kuviika, mphindi ziwiri yayera mbee. Kuyera imayeradi. Koma petulo amatupitsa siponji, amadya guluu wa m'misoko, ndipo ukatero kanayi kasanu msoko umayamba kuyasama. Komanso pakhomo pathu nthawi yamadzulo imeneyo mbaula imakhala ili moto pakhonde; nthunzi ya petulo imakwawa pansi, siichedwa kukaipeza. Parafini naye amayaka, sindikuti ndi madzi, n'chifukwa chake ndimagwirira kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi kophikira.

Ndimathira wokwanira kumiza siponji m'chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chodula pakati. Poyamba ndinkatenga beseni la m'nyumba, mpaka tsiku lomwe mpiru wa pa nsima unamveka parafini.

"Abambo, beseni ili ndi la kukhitchini, si la ku galaja," anatero mayi a kunyumba, ndipo mlandu unathera pomwepo, popanda apilo.

Kuviika, kufinya, kuviika, kufinya. Kufinya kwake ndi kwa m'chikhatho, monga timafinyira masamba owiritsa, osati kupotokola ngati chitenje chochapa. Ukapotokola timaulusi ta m'kati timaduka. Kunja imaoneka yabwinobwino pomwe m'kati mwachita njira. Parafini amasintha msanga, kufiira kaye, kenako kuda bii. Sindimutaya pansi. Ndimamuthira m'botolo, pakatha masiku matope amakhazikika, wapamwamba woyerayo amadzagwiranso ntchito Loweruka linalo.

Parafini amachotsa oyilo wakale, koma timchenga tina timakakamira. Apa ndiye pamabwera madzi ofunda ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Akasowa, wa ufa pang'ono, bola kutsukuluza mokwanira. Ndimasintha madzi katatu kapena kanayi. Mboni yake ndi pansi pa chigubu: ukakhuthula madzi n'kupititsa chala, ukamva kukhakhala, bwerezanso. Tsiku lina mu Okutobala ndinasintha madzi kasanu ndi kamodzi mchenga ukutulukabe, ngati ndikutsuka mpunga wa pamsika.

Kuyanika ndi pamthunzi podutsa mphepo, pa chingwe, mpaka iumiretu. Osati pa mbaula, osati pa ekizozi yotentha, osatinso kukaipopa ndi kompulesa ya pokonzera matayala, imene imang'amba timabowo. Siponji yonyowa siilandira oyilo. Madzi amakhala pamalo pomwe oyilo anayenera kukhala, akadzauma pamatsala pouma. Kukatentha maola awiri atatu akwana, koma mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba dzuwa lili m'mitambo, imagona pachingwe mpaka mawa. N'chifukwa chake ndinagula yachiwiri. Ina ikamauma, inzake ili m'njinga.

Apa ndiye pagona nkhani. Siponji youma si fyuluta. Iyang'anitseni kudzuwa, muona kuti timabowo take ndi tatikulu kuposa fumbi lomwe tikuliopa. Payokha ingagwire udzu, ntchentche ndi timiyala, koma ufa wofiira uja umadutsa ngati madzi m'dengu. Chimene chimagwira fumbi ndi oyilo. Mpweya podutsa umakhotakhota m'timabowomo, fumbi polephera kukhota limagunda timaulusi tonyowa n'kumatirira, monga mbalame pa ulimbo. Tili ana tinkatchera timba kudambo, ndipo palibe ankadikira mbalame pa kamtengo kopanda ulimbo. Siponji ndi kamtengo chabe. Munthu amene waitsuka mpaka kuyera n'kuibwezera youma, akudzitama kuti njinga yayamba kupuma bwino, watchera kamtengo kameneko. Ndimawaona ambiri otere, ndipo njinga zawo zimathamangadi, kwa miyezi ingapo.

Oyilo wake weniweni alipo, wopangidwira masiponji a fyuluta, womata ngati uchi, kawirikawiri wabuluu kapena wofiira kuti uziona pomwe wafika. Makampani ngati Motul amapanga. Kuno kumudzi sapezeka, ndipo m'tauni ukamva mtengo wake umayamba wapuma kaye. Ndikamupeza ndimagula, chifukwa satsetsereka. Akatha ndimagwiritsa ntchito oyilo wa injini watsopano, ndipo sindichita nazo manyazi: mabuku ena akale a Yamaha ankalola oyilo wa 10W-30 pa ntchitoyi, a Honda a njinga za XL ankati oyilo wa giya wa 80 kapena 90. Vuto la oyilo wamba ndi loti kukatentha amatsikira pansi. Pakatha masiku angapo kumunsi kwa siponji kuli chinyontho, kumtunda kwauma. Ndiye amene mukudalira ameneyu musamadumphitse sabata nthawi ya fumbi. Oyilo wakuda wokhetsa mu injini ayi, muli kale tizitsulo ndi zinyalala zomwe tikuzithawazo. Mafuta ophikira nawonso ayi, akakhalitsa amachita utomoni, komanso mukuitanira makoswe ku phwando.

Popaka ndimaika siponji mu jumbo yosabooka, kuthiramo oyilo masipuni atatu kapena anayi, kumanga kukamwa, n'kumakanya ngati ufa wa mandasi mpaka mtundu ufanane paliponse. Ndikatulutsa ndimasuzumira m'misoko ndi m'makona, poti ndi momwe mumatsala mouma. Kenako kufinya wotsala yense, kuikulunga m'nyuzipepala yakale n'kupsinja. Ikhale yonyowa koma yosadontha.

Ulendo woyamba, chilonda cha soya uja chidakali chachiwisi, ndinati bola wambiri. Ndinaibwezera ikudontha. Njinga inalira, koma ndikapatsa moto inkachita ngati yatsamwa, buu buu, utsi tolo, pulagi yakuda yonyowa ndisanafike ndi pachigayo pomwe. Mpweya ukachepa kabuleta imakoka petulo wochuluka, chimodzimodzi ngati waiwala kubweza choki. Fyuluta yotsekeka ndi fumbi imachitanso zomwezi: njinga kulemera, kumwa petulo, pulagi ya mwaye. Komabe yotsekekayo ndi yaulemu, imadandaula msanga, ndipo imangokudyera petulo ndi pulagi. Youma kapena yobooka siinena kanthu mpaka tsiku lomwe kiki yafewa.

Chotsala ndi mlomo. Mpweya uli ngati madzi a m'munda, umafuna podutsa posavuta, ndipo pakakhala kampata pakati pa siponji ndi bokosi umadzera pomwepo osasefedwa. Ndimapaka girisi pang'ono kuzungulira mlomo wonse womwe umakhudza bokosi, kuveka siponji pa chimango, kuilowetsa, kenako kuyendetsa chala m'mphepete monse kuti ndimve ngati yakhala. Maso amanama pamenepa, chifukwa mbali yakuseri sioneka. Khosi la labala nalo ndimalipinda pang'ono kuona ngati lachita ming'alu, poti dzuwa ndi zaka zimaliumitsa, ndipo mng'alu wa pamenepo uli kale kuseri kwa fyuluta, ngakhale siponji itakhala yabwino chotani. Kilampu imangidwe ndithu, koma osafika podula labala.

Ndipo nsalu ija musaiiwale. Loweruka lina ndinamusiyira mnyamata uja kuti amalize, ine ndili pafoni ndi munthu wa mtedza. Lolemba m'mawa kiki, zii. Kiki, zii. Mtima unagunda, m'maso mwanga ndikuona matumba ena akutuluka m'nyumba. Iye anaima chapatali atavala kale yunifolomu, akukanda m'mutu.

"Amalume, kansalu kaja munachotsa ndinu?"

"Ine? Si iwe unatseka bokosi?"

Tinakapeza katakokedwa mpaka pakamwa pa kabuleta. Mwayi wake kanali kokulirapo, sikanalowe. Masiku ano timagwiritsa ntchito nsalu yaitali yomwe mchira wake umalendewera kunja kwa bokosi, kuti chivundikiro chikane kutsekeka isanachoke. Nzeru imeneyi ndi yake, ndipo amandikumbutsa kawirikawiri.

Siponji nayo imakalamba, uisamale bwanji. Ikauma, ndisanapake oyilo, ndimaiyesa. Ndimaitsina: yamoyo imabwerera msanga, yotha imatsala ndi dzenje la chala. Ndimaikhula ndi chala: ikamasiya tinyenyeswa ngati buledi wa dzana ndiye yapita, ndipo tinyenyeswa timeneto ulendo wake ndi wa mu kabuleta. Ndimakoka msoko pang'ono n'kuyang'anitsa kudzuwa. Kabowo ngakhale kongolowa mutu wa machesi, kapena mlomo wophwatalala wosabwerera, ndimataya. Kumata ndi supagulu ndinayesapo pa ija ya khoswe. Guluuyo anauma gwa, siponji n'kung'ambikira m'mbali mwake.

Pokagula yatsopano ndimanyamula yakale ndi chimango chake m'chikwama. Kungonena kuti "ya DT" sikokwanira, chifukwa njinga zimenezi zakhala zikupangidwa kuyambira m'ma 1970, ndipo mabokosi ake si ofanana onse. Musitolo ina m'tauni anandipatsa yomwe papepala pake panalembedwa bwinobwino, koma nditaiveka pa chimango pa kauntala pomwepo inaperewera, mlomo osafika kumapeto.

"Bwana, imakokeka imeneyo, ikamwa oyilo ikwana," anatero wogulitsa.

Ndinamuthokoza, n'kuibweza. Zina zabwino zimakhala ndi zigawo ziwiri, china cha mabowo akuluakulu, china chosalala. Chokhakhalacho ndicho chiyang'ane komwe kukuchokera fumbi. Ndipo yatsopano nthawi zambiri imabwera youma m'pepala mwake. Kuyera kwakeko kusakupusitseni, ipakeni oyilo musanaiike.

Za matilesi ndafunsidwa kangapo, kuti cholakwika n'chiyani poti zonse ndi siponji. Yesani nokha. Tengani chidutswa cha matilesi, chigunditseni pakamwa, mupume. Kenako chitani chimodzimodzi ndi siponji ya fyuluta yoyera, isanalawe oyilo. Ya fyuluta mpweya umadutsa mosavuta chifukwa timabowo take tonse ndi totseguka, tolumikizana. Ya matilesi timabowo tambiri tili ndi timakhungu totchinga, ndiye ukaipaka oyilo injini imabanika. Mwini njinga akaona kuti yabanika amasiya kupaka, kapena amaicheka kuti ichepe, mpaka kubadwa mpata uja wolowa chala. Ndikuganiza kuti ndi momwe zinayendera ndi amene anali nayo ine ndisanaigule. Sindimuda. Mwina anali kutali kumudzi wina, siponji yeniyeni itanyenyeka m'manja, ntchito ikudikira, n'kunena kuti ndidzasintha mawa. Zaka ziwiri zosatsegula bokosi zija ndi zanga, si zake.

Anzanga a njinga zina, yambani mwaona chomwe chili m'bokosi mwanu musanatengere zanga. Zina zili ndi fyuluta ya pepala lopindapinda. Imeneyo siifuna madzi, parafini kapena oyilo; youma amaigogoda pang'ono kuti fumbi ligwe, ikada kwambiri n'kugula ina. Palinso ya pepala lobwera litapakidwa kale mafuta ake kufakitale, yomwe siitsukidwa n'komwe, ikakwana nthawi amangosintha.

Mvula ikayamba, mu Novembala kapena Disembala, ndimapumako, mwina kamodzi pa milungu itatu. Koma ndikawoloka mtsinje madzi ali m'maondo, ndimatsegula tsiku lomwelo kuona ngati alowa m'bokosi.

Madala aja ndimawapezabe pansi pa mango paja. Ndikaima kuwapatsa moni safunsa za injini, amangoimika chala cha mkombaphala m'mwamba, ine n'kuwaonetsa changa. Mawa ndili ndi ulendo wa ku Nambuma kukaona mtedza, ndidzera njira yachidule ya m'midzi, fumbi lokhalokha kupita ndi kubwera. Siponji yachiwiri yapakidwa kale, ili mu jumbo yake pa msomali wa kuseri kwa chitseko, m'mwamba momwe khoswe safikamo.